Galimoto ya chitukuko ikagona kugalaja ya mabwana

Kumpoto kwa tawuni ya Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central m'dziko la Zimbabwe, kuli dera la mafamu lotchedwa Matepatepa. Ndi dera la fodya ndi chimanga, ndipo m'makomboni ake muli anthu ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia nthawi ya atsamunda, ena kudzera ku Mthandizi, ena poyenda pansi. Chichewa chikumvekabe kumeneko, ndipo gule wamkulu akuvinidwabe pamaliro.

Kuchokera m'chaka cha 2000, pamene boma linayamba kulanda ndi kugawa mafamu a azungu, ntchito zingapo zomwe zinkachitika pafamu zinatsala zopanda mwini. Misewu ya m'mafamu inasiya kusalazidwa, mijigo yoonongeka inasowa woikonza, ndipo lole yomwe inkathamangitsira wodwala kuchipatala cha ku Bindura inachoka pamodzi ndi mwini wake. Zina mwa ntchitozi zinagwera mabungwe omwe si a boma. Koma bungwe lopanda galimoto lili ngati mlimi wopanda khasu. Galimoto ikagona kugalaja, namwino safika kusikelo ya ana, otengera mankhwala a ma ARV amayenda okha ulendo wautali, ndipo msonkhano wa komiti ya madzi umalephereka anthu atasonkhana kale pansi pa mtengo.

N'chifukwa chake nkhani ya kukonzetsa galimoto, ngakhale imaoneka ngati ya madalaivala ndi owerengera ndalama okha, ndi nkhani ya chitukuko.

Msampha wa chitsimikizo

Galimoto zambiri za mabungwe zimagulidwa zatsopano ndi ndalama za opereka thandizo, ndipo zimabwera ndi chitsimikizo cha kampani chakuti zikaonongeka m'zaka zoyamba zidzakonzedwa ulere. Chitsimikizochi chili ndi chingwe chake: galimoto iyenera kumakonzedwa kugalaja yovomerezeka ndi kampaniyo basi. Magalaja oterewa ambiri ali ku Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Bindura. Ndi malo okongola ndithu, a magalasi aataliatali ndi matailosi onyezimira, kumene mlendo amalandiridwa ndi tiyi ndipo amakhala pa sofa pafupi ndi galimoto za nduna ndi eni migodi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bungwe lomwe ndimagwirako ntchito linaona nyererezo ndi maso. Galimoto yathu ina, ya dizilo, ya mtundu wodula, inayamba kutha mphamvu ikamayenda m'misewu ya m'mafamu. Kanyali kachikasu kankayaka, galimoto n'kuyamba kukwawa ngati ngolo, koma mukaizimitsa n'kuilizanso inkayenda bwinobwino. Inapita ku Harare katatu. Ulendo woyamba anasintha sefa ya mafuta. Ulendo wachiwiri anati vuto ndi ma injekitala, nasintha onse anayi, ndipo apa anatiuza kuti chitsimikizo sichigwira chifukwa tinathira dizilo wakuda. Umboni wa dizilo wakudayo sitinauone, ngakhale tinaupempha m'kalata. Ulendo wachitatu galimoto inagona kumeneko masabata angapo kudikira chipangizo chochokera ku South Africa. Ndalama zomwe zinapita pa maulendo atatuwa zikadakonza mijigo ingapo, koma tsiku lomwe galimoto inabwerera ku Matepatepa, kanyali kaja kanayakanso isanafike n'komwe pasukulu yomwe inkapita.

Amene anapeza vuto ndi bambo wina wachikulire wa ku Bindura, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri kumgodi monga wokonza magetsi a makina. Anapempha dalaivala wathu kuti aiyendetse pamsewu wa mabampu iwo atakhala m'kati, kenaka anatsegula boneti nayamba kugwedeza mawaya limodzi ndi limodzi injini ikulira. Panali waya wopita ku kachipangizo koyeza mphamvu ya mafuta, yemwe anakhulika pachitsulo mpaka chikopa chake kutha. Pa tala wa ku Harare wayayo ankakhala phee. Pamsewu wa fumbi ankagunda chitsulo, kompyuta ya galimoto n'kuchepetsa mphamvu ya injini pofuna kuiteteza. Ntchito yonse inatha dzuwa lisanapendeke.

Chifukwa chiyani amalephera?

Sikuti amakaniko a m'magalaja aakulu ndi mbuli. Ambiri ndi ophunzira bwino, ena anakaphunzitsidwa kunja ndi makampani omwe. Vuto lagona m'kayendetsedwe ka ntchito. Galimoto za makono zili ndi kompyuta yomwe imasunga nambala ya vuto lililonse, ndipo makaniko amalumikiza makina ake n'kuwerenga nambalayo. Koma nambala imangonena dera lomwe uthenga wasokonekera; sinena ngati cholakwa ndi chipangizo, waya kapena pulagi yomwe yalowa fumbi. Kufufuza zimenezi kumafuna nthawi ndi kudekha, pomwe galaja imapindula kwambiri pogulitsa chipangizo chatsopano kusiyana ndi kulipiritsa maola ofunafuna waya wa ndalama zochepa. Choncho njira yachidule ndiyo kusintha chipangizo chimodzi, vuto likapitirira kusinthanso china, ndipo mwini galimoto ndiye amalipira zoyesayesa zonsezo.

Palinso khoma pakati pa dalaivala ndi makaniko. Wolandira galimoto ndi kalaliki wovala tayi, amene amalemba mzere umodzi pa khadi la ntchito: "ikutha mphamvu". Zoti imatha mphamvu pamsewu wa mabampu pokha, dalaivala amazinena koma sizifika kuseri komwe kuli masipanala, ndipo mwini galimoto saloledwa kulowako.

Za mitengo n'zodziwika. Zipangizo pafupifupi zonse zimaitanitsidwa kunja, ndipo pamwamba pa mtengo wake pamakwera msonkho, zonyamulira ndi phindu la galaja. Amalonda a m'Zimbabwe anapsa ndi kugwa kwa ndalama mu 2008, pamene mitengo inkasintha kangapo tsiku limodzi, ndipo ngakhale dziko linayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, kenaka n'kubweretsa ndalama ya ZiG mu 2024, mantha aja sanathe. Aliyense amaika kenakake pamtengo podziteteza ku mawa. Zimenezi zikumveka. Chosamveka n'chakuti munthu alipire mtengo woterewu pantchito yomwe sinachize matenda.

Luso lilipo, makiyi palibe

Chopweteka n'chakuti dera la Bindura silisowa amisiri. Mgodi wa nickel wa Trojan ndi wa golide wa Freda Rebecca inaphunzitsa anthu ambiri ntchito za injini zikuluzikulu, magetsi ndi kuotcherera, ndipo pakati pawo pali ana ndi zidzukulu za omwe anachokera ku Nyasaland. Mgodi wa Trojan unaima kumapeto kwa 2008, unatsegulidwanso patapita zaka zinayi, ndipo mu 2024 kampani ya Bindura Nickel Corporation inaikidwa m'manja mwa woyang'anira wapadera itagwa m'mavuto. Nthawi iliyonse mgodi ukaima, amisiri amatuluka ndi bokosi la zida n'kukatsegula kagalaja kuseri kwa nyumba. Ku Harare nako, aliyense woyendetsa galimoto amadziwa Gazaland ku Highfield ndi mashopu a zipangizo a mumsewu wa Kaguvi.

Amisiri amenewa angathe kumasula injini ya Land Cruiser yakale ija ya 1HZ n'kuimanganso popanda buku, chifukwa injiniyo siyendera kompyuta. Pa galimoto za makono zinthu ndi zina. Zipangizo zambiri, mukaziika, zimafuna kuti kompyuta ya galimoto izilembetse, ndipo pulogalamu yochitira zimenezi pamodzi ndi mabuku a mawaya makampani amazisunga ngati mankhwala a sing'anga. Mmisiri amatha kuliona vuto koma n'kulephera kumaliza ntchito. Ndipo akangogwirako, galaja yovomerezeka imapeza chifukwa chokanira chitsimikizo.

Tisabise, kumagalaja a pansi pa mtengo nakonso kuli akathyali. Kuli zipangizo zachinyengo zokhala m'mabokosi a makampani otchuka, kulinso anyamata omwe amaphunzirira ntchito pagalimoto ya kasitomala. Komabe amene wakupusitsani ku Bindura mumakumana naye kumsika ndi kumaliro, pomwe kalata yodandaula yopita kugalaja ya ku Harare imayankhidwa ndi kalata inzake.

Zomwe anzathu achita

Mkangano umenewu si wa ku Matepatepa kokha. Ku America, anthu a m'chigawo cha Massachusetts anavota mu 2012 kuti makampani opanga galimoto azipereka kwa magalaja oima paokha zida ndi mauthenga omwewo amene amapereka kwa magalaja awo. Chitsanzo chapafupi ndi cha ku South Africa, komwe galimoto ndi zipangizo zambiri za m'chigawo chino zimadzera. Kumeneko bungwe loona za mpikisano pamalonda, Competition Commission, linakhazikitsa ndondomeko yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2021. Ndondomekoyi imalola mwini galimoto yatsopano kukachititsa sevisi kugalaja yomwe wafuna popanda kutaya chitsimikizo chonse, imalola kuikamo zipangizo zina zosakhala za kampaniyo, ndipo imafuna kuti makampani atsegulire amisiri oima paokha mauthenga a kakonzedwe ka galimoto zawo. Lamulo loteteza ogula la dzikolo, la mu 2008, limaonjezera kuti galaja isayambe ntchito mwini wake asanavomere mtengo, kuti zipangizo zochotsedwa zibwezedwe kwa mwini galimoto, komanso kuti ntchito yokonza ikhale ndi chitsimikizo cha miyezi 3.

Zimbabwe ili ndi lamulo lake loteteza ogula, Consumer Protection Act la mu 2019, lomwe linakhazikitsa Consumer Protection Commission, ndipo bungwe la Consumer Council of Zimbabwe lakhala likulandira madandaulo kwa zaka zambiri. Koma mabungwe a chitukuko, omwe ndi ena mwa makasitomala aakulu a magalaja amenewa, sakonda kudandaula. Ndalama si zochokera m'thumba la munthu, lisiti la galaja yovomerezeka limadutsa mosavuta kwa ofufuza mabuku, pomwe la mmisiri wa ku Bindura, lolembedwa pamanja, limadzutsa mafunso. Dongosolo lomwe linaikidwa pofuna kuteteza ndalama za opereka thandizo likuthandiza kuzimwaza.

Funso lina ndi la mtundu wa galimoto. Pali chizolowezi choti bungwe likalandira thandizo lalikulu ligule galimoto yonga ya nduna, ya mipando ya chikopa ndi makompyuta ambirimbiri, ati kuti lilemekezeke likafika kuofesi za boma. Mayi wodikira sikelo ku Matepatepa sayang'ana mipando. Mabungwe a zaumoyo omwe amagwira ntchito m'madera ovuta akhala akusankha Land Cruiser ya mtundu wa 70, yomwe inayamba kupangidwa mu 1984, chifukwa choti ndi yosavuta kukonza ndipo zipangizo zake zimapezeka ponseponse.

Kwa omwe galimoto zawo zidakali pa chitsimikizo, pali zochepa zomwe zingachitike lero lomwe. Dalaivala alembe yekha mwatsatanetsatane malo, liwiro ndi mtundu wa msewu pomwe vuto limaonekera, ndipo pepalalo limatidwe pa khadi la ntchito. Mtengo ubwere m'kalata ntchito isanayambe, pamodzi ndi nambala zomwe kompyuta yaonetsa. Chipangizo chilichonse chochotsedwa chibwerere m'galimoto, chifukwa injekitala yomwe akuti yafa ingathe kukayezedwa kwina. Ngati akuti dizilo ndi wakuda, atunge pang'ono m'botolo dalaivala akuona, botolo lina litsale ndi bungwe. Ndipo asanasaine kuti ntchito yatha, dalaivala aumirire kuti makaniko akwere naye, atuluke mumzinda mpaka pomwe tala wathera.