ULENDO WOKAONA NYAMA NDI KUKWERA MAKINA A ZISANGALALO: TIPITE OKONDWA, TIBWERE ATHANZI

Miyezi ya Julaye ndi Ogasiti ndiyo nyengo yomwe mlimi wa kwa Dzoole amapumako. Chimanga chalowa m'nkhokwe, mtedza ndi soya zapita ku msika, ndipo amene adalima fodya ayamba kuona phindu la thukuta lawo. Ana nawonso atsekera sukulu. Pa nyengo yotereyi mabanja ena a m'maboma a Dowa ndi Ntchisi amapatula kandalama pang'ono, kapena kusonkherana pa mpingo ndi pa sukulu, kuti apite ndi ana kukaona nyama za m'tchire ndi kukasewera pa malo a zisangalalo.

Chizolowezi chimenechi n'choyenera kuchilimbikitsa. Ana ambiri a kumapiri kuno njovu amangoiona m'buku la sukulu, kapena pa bwalo gule akatuluka. Mwana amene waiona ndi maso ikuthyola nthambi ndi chitamba chake saiwala moyo wake wonse. Kuyenda pansi, kupuma mpweya wabwino ndi kuseka pamodzi ndi makolo ndi mankhwala a thupi ndi maganizo omwe.

Makolo ambiri akamakonzekera ulendo wotere amaopa mkango ndi makina aakulu othamanga. Koma zinthu zomwe kawirikawiri zimafikitsa mwana ku chipatala ndi zazing'ono: chikhadabo cha pusi, ntchentche yoluma, kapu ya madzi osatetezedwa, ndi kholo lomwe lanyozera lamulo lolembedwa pa chikwangwani. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

MALO AMENE TILI NAWO PAFUPI

Munthu wa kwa Dzoole sali kutali ndi malo osungira nyama. Akakwera galimoto pa Mponela n'kutsata msewu wa M1, amafika ku Lilongwe atayenda makilomita pafupifupi 60. Pakati pa mzindawu, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pali nkhalango momwe muli Lilongwe Wildlife Centre. Kumeneku amasamalirako nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa anthu ozigulitsa mozemba, ndipo mabanja amayenda m'tinjira ta m'nkhalangomo kuona mitengo, mbalame ndi apusi.

Cha kum'mawa, msewu wa ku Salima wodzera pa Mvera umafikitsa munthu kufupi ndi Kuti Wildlife Reserve, komwe kuli mbidzi ndi mitundu ingapo ya agwape. Pafupi kwenikweni ndi kwathu pali nkhalango ya m'phiri la Ntchisi, yozizira bwino ndi yodzaza ndi mbalame. Kuseri kwake kuli nkhalango yaikulu ya Nkhotakota, yomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 1,800. Bungwe la African Parks lidayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi Boma m'chaka cha 2015, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Nako ku Kasungu National Park kudalandira njovu 263 zochokera ku Liwonde m'chaka cha 2022.

MAKINA A ZISANGALALO

M'mizinda mwathu muli malo osewerera ana okhala ndi akatungwe, makina ozungulira ndi tinyumba topopa mpweya todumphamo. Makina akuluakulu amawaona abale athu okhala ku South Africa ndi ana amene amapita kukawachezera pa tchuthi. Malo odziwika kwambiri ndi Gold Reef City mu mzinda wa Johannesburg, omwe adamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines. Agogo athu ambiri adapita ku Joni kudzera ku Wenela kukagwira ntchito m'migodi yonga umenewu, mpaka m'chaka cha 1974 pomwe ndege idagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi, ndipo Boma lidaimitsa kulemba anthu a kumigodi. Lero adzukulu awo amalipira pa chipata kuti akasangalale pamwamba pa maenje omwewo.

Pa malowa pali sitima za masewera zomwe Azungu amazitcha roller coaster. Ina, yotchedwa Anaconda, imanyamula anthu miyendo ili lendee m'malere n'kumawatembenuza chadodolido. Sitima zamtunduwu zidayamba kutchuka m'chaka cha 1884 ku Coney Island, mu mzinda wa New York, ndipo yoyambayo inkayenda pang'onopang'ono ngati munthu wopalasa njinga mosafulumira. Zamasiku ano zimathamanga ngati galimoto pa msewu waukulu.

Zambiri mwa sitimazi zilibe injini. Unyolo umazikokera pamwamba pa chitunda choyamba, kenaka zimatsetsereka zokha chifukwa cha kulemera kwake. Sitima ikafika pansi n'kukhotera m'mwamba mwadzidzidzi, magazi a wokwerayo amakankhidwira ku miyendo, mtima umagunda mofulumira, ndipo khosi ndi msana zimagwedezeka mwamphamvu. Thupi la munthu wathanzi limapirira zimenezi kwa mphindi ziwiri kapena zitatu popanda vuto. Koma anthu awa asakwere: amayi oyembekezera, odwala mtima, omwe ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, odwala khunyu, omwe amamva kupweteka msana kapena khosi, amene achitidwa opaleshoni posachedwa, ndi aliyense amene walawa mowa.

Pa khomo la makina aliwonse pamakhala mzere woyezera msinkhu. Mzerewu uli ndi chifukwa chake. Chitsulo ndi lamba zomwe zimagwira munthu pa mpando zidapangidwa molingana ndi thupi la kukula kwakutikwakuti, ndipo mwana wochepera pamenepo akhoza kupulumuka pansi pa chitsulocho. Mwana akamalira kuti, "Atate, inenso ndikwere," bambo wanzeru amamutengera ku makina a msinkhu wake. Kumuimika chonyang'ama pa mzere, kapena kunyengerera wogwira ntchito kuti amulowetse, n'kuika moyo wa mwana pa chiswe. Chimodzimodzinso mwana wamantha asakakamizidwe pofuna kuti alimbe mtima.

Ana ena amachita chizungulire ndi kusanza akatsika. Izi zimachitika chifukwa m'kati mwa khutu muli timadzi tomwe timauza ubongo m'mene thupi lakhalira. Timadziti tikasokonezeka ndi kuzungulira, uthenga wa khutu umasemphana ndi wa maso, ndipo munthu amachita nseru. Mwanayo akhale pansi pamthunzi, amwe madzi pang'onopang'ono, ndipo zimatha zokha. Musamukweze makina atangodya kumene nsima yambiri. Koma munthu akamva kupweteka pa chifuwa, mutu waukulu wosaleka, kapena dzanzi m'manja ndi m'miyendo, apite naye ku chipatala msanga.

PUSI SI CHIDOLE

Pa malo osungira nyama, apusi ndi anyani adazolowera anthu ndipo amayandikira pamene pali chakudya. Mwana akatambasula dzanja kuti apatse pusi nthochi, pusiyo amatsomphola mwaliwiro ndipo akhoza kumukanda kapena kumuluma. Bala lotere limaoneka laling'ono, koma nyama iliyonse yoyamwitsa ikhoza kukhala ndi chiwewe.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu, choncho galu wa pa malo okwerera basi ngwofunika kumuchenjerera monga nyama ya m'nkhalango. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu. Kakalowa pa bala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo, ulendo womwe ungatenge masabata kapena miyezi. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, wodwalayo sachira. Komabe pa nthawi yomwe kachilomboka kali pa ulendo, katemera amatha kukagonjetsa. Katemera woyamba adamupeza ndi Louis Pasteur wa ku France m'chaka cha 1885.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenderera kwa mphindi 15 zathunthu. Musathirepo dothi, tsabola kapena zitsamba, ndipo musalimange kolimba. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, fotokozani nyama yomwe yamuluma, ndipo mukauzidwa masiku olandirira jakisoni, musadumphe ndi limodzi lomwe. Ana ambiri amabisa bala poopa kukalipiridwa. Amayi, auzeni ana anu musananyamuke kuti, "Mwanawe, chikakukanda chilichonse undiuze, sindikumenya."

KASHEMBE NDI KAODZERA

M'nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza muli ntchentche zotchedwa kashembe. Zimaluma masana, ndipo ululu wake umamveka ngati wabayidwa ndi singano yamoto. Zina mwa izo zimanyamula tizilombo ta matenda a kaodzera kuchokera m'magazi a nyama za m'tchire. Kashembe amakopeka ndi nsalu za mtundu wakuda ndi wabuluu, n'chifukwa chake misampha yake yomwe mumaiona itapachikidwa m'mitengo imakhala ya mitundu imeneyi. Amatsatanso galimoto yoyenda. Valani zovala za khaki kapena zotuwira, zamanja aatali ndi zofika m'mapazi, ndipo tsekani mawindo podutsa m'malo owirira.

Kaodzera wa kuno kwathu ndi wa mtundu wofulumira, wokhoza kupha munthu m'masabata kapena miyezi yochepa ngati salandira chithandizo. Amayamba ndi chotupa pamene munthu adalumidwa, kutentha thupi ndi litsipa, patatha sabata imodzi kufikira atatu. Poti zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, wodwala akhoza kutaya nthawi akumwa mankhwala a malungo. Choncho wina akadwala mutabwerako, auzeni a dokotala, kaya ndi pa chipatala cha Dzoole, cha Mponela kapena cha Dowa, kuti mudali ku nkhalango. Mawu ochepa amenewa ndiwo amawatsogolera kuyeza magazi moyenera. Matendawa amachizika, ndipo tsopano kuli mankhwala akumwa otchedwa fexinidazole, omwe adayesedwa pa chipatala cha Rumphi.

NYAMA ZAZIKULU

Safunsa adadya phula. Alonda a nkhalango amadziwa khalidwe la nyama zawo, choncho mverani zomwe akunena. Musatsike m'galimoto pamalo posaloledwa. Njovu yomwe ili ndi mwana siifuna kuyandikiridwa, ndipo imathamanga kuposa munthu. Musaime pakati pa mvuu ndi madzi, ndipo ana asasewere m'mphepete mwa mtsinje wa Bua, poti ng'ona imabisala pamadzi ooneka odekha. Chithunzi cha pa foni chisakuyandikizeni ku imfa.

Pobwerera, musagule nyama ya m'tchire yogulitsidwa mobisa. Kuwonjezera pa kukhala mlandu waukulu, nyamayo ikhoza kukhala yofa yokha. M'chaka cha 2018 mvuu zambiri zidafa ndi matenda a anthrax ku Liwonde, ndipo matendawa amagwira munthu amene wasenda kapena kudya nyama yodwala.

MADZI, CHAKUDYA NDI DZUWA

Tisaiwale kuti mliri wa kolera wa zaka za 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pamalo posonkhana anthu ambiri, matenda otsekula m'mimba amafala mosavuta. Nyamulani madzi anu owiritsa kapena othira kolorini, kachidutswa ka sopo ndi mapaketi a Thanzi ORS. Sambani m'manja musanadye, mukachoka ku chimbudzi, ndiponso mukagwira zitsulo za mpanda kapena ziweto. Mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi ndi malalanje osenda nokha ndi kamba wabwino woposa zakudya zomwe zakhala pa mtetete tsiku lonse ntchentche zikuterapo.

Mwana wokulira kumapiri adazolowera mphepo yozizira, ndipo kutentha kwa ku Salima ndi Nkhotakota kumamufooketsa msanga. Amwe madzi pafupipafupi ngakhale asanamve ludzu, avale chipewa, ndipo apume pamthunzi dzuwa likafika pa liwombo. Ana achialubino adzole mafuta oteteza khungu ndi kuvala zofunda thupi lonse. Ngati mukagona komweko, tengani masikito, poti kunyanja udzudzu ndi wambiri.

Pomaliza, pa chigulu cha anthu mwana amasowa m'kuphethira kwa diso. Mulembereni dzina lake, mudzi ndi nambala ya foni pa kapepala n'kumuikira m'thumba. Pa ulendo wa sukulu kapena wa mpingo, wamkulu aliyense apatsidwe ana ake owayang'anira, ndipo awerengedwe pokwera ndi potsika galimoto. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

TIKUMBUKIRE IZI

1. Lamulo la pa chikwangwani ndi la mlonda lidaikidwa kuti liteteze moyo wanu.
2. Mwana wosafika pa mzere wa msinkhu asakwere makina, ndipo odwala mtima ndi amayi oyembekezera angoonerera.
3. Musadyetse kapena kugwira nyama ya m'tchire.
4. Bala la nyama litsukidwe ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka ku chipatala tsiku lomwelo.
5. Wodwala atabwerako ku nkhalango anene kwa a dokotala komwe adali.
6. Madzi otetezedwa ndi sopo zisasowe m'chikwama.

Musananyamuke, kachezeni ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Iye adzakuthandizani kukonzekera bwino, kuti ana akabwerako adzasimbire anzawo za njovu ndi mbidzi ali a thanzi.