Podonthera si pomwe pabooka

Amene anagonapo m'nyumba ya udzu mu Januwale amadziwa kuti pamene madzi akudonthera si pamene denga labooka. Mvula imalowa kumtunda, n'kutsetsereka ndi phaso, n'kudzagwera pamphasa. Mukakwera ndi mtolo wa udzu n'kufolera pamwamba pa mphasapo, mawa lake mutcheranso beseni pomwepo.

Oyilo wa galimoto sasiyana ndi mvula imeneyi. Pasiteji ya Mitundu, minibasi ikanyamuka kulowera ku Bunda, tayang'anani pamene inaima: fumbi lada bii. N'chimodzimodzinso ku Nathenje m'mbali mwa M1, pamene malole amapumira. Kawirikawiri dontho limagwa pomwe injini yakumana ndi giyabokosi, ndipo amakaniko ena akangosuzumira amagamuliratu: "Bwana, ndi oil seal yakumbuyo." Mwina akunena zoona. Komatu pamenepo ndi potsika, ndiponso mphepo ya paulendo imakankhira kumbuyo oyilo aliyense wotuluka, kaya wachokera pa gasketi ya tappet cover, pa oil switch, kapena pa sampu.

Nanga siloyo n'chiyani? Tangoganizani chidebe cha mafuta chimene mwaboola m'mbali n'kulowetsamo mthiko woti uzizungulira, mafuta osatayika. Mthikowo ndiye crankshaft, imene paulendo imazungulira ka 2,000 kapena 3,000 pamphindi. Chotseka mpatawo ndi kamphira kozungulira ngati chibangili, kokhala ndi kasipuling'i kofinya mlomo wake pachitsulo. Zaka zikamapita, kutentha kumakaumitsa ngati mphira ya legeni yoiwalidwa padzuwa, ndipo kamayamba kuchucha.

Kamphirako n'kokwana m'dzanja, koma kuti mukapeze ndi ntchito yosasula denga lonse chifukwa cha phaso limodzi. Pa Hiace amayamba achotsa propshaft, kutsitsa giyabokosi, kumasula klatchi ndi flywheel. Pa Sienta ndi Probox injini inagona chopingasa, ndiye amazulanso ma drive shaft. Tsiku limatha galimoto ili pamiyala, kondakitala ali manja m'thumba. N'chifukwa chake ine ndimati musalole munthu kugwira sipanala asanatsuke injini. Aitsuke ndi parafini, iume, awaze pawudala wa ana m'malo okayikitsa, muyende pang'ono. Oyilo amalemba yekha njira yake paufawo, ndipo muitsatire mpaka kumtunda kumene yayambira. Usiku yalani katoni pansi pake. M'mawa nunkhizani dontholo: oyilo wa mu injini ndi wakuda, wa giyabokosi ya klatchi amanunkha moipa ngati dzira lovunda, ndipo wa otomatiki nthawi zambiri amafiirira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinanso chimene ambiri amachiphonya. Chigubu cha thobwa chikatsekedwa kwambiri chimafufuma, kenako thobwa limatulukira pachivindikiro. Injini nayo imadzaza mpweya m'mimba mwake, umene umayenera kutuluka kudzera pa breather kapena PCV valve. Kanjirako kakatsekeka ndi litsiro la oyilo wokhalitsa, mpweya umakankha silo mpaka kuchucha. Mukaika yatsopano osatsegula kanjirako, mudzatsitsanso giyabokosi mwezi usanathe. Kuthira oyilo kupitirira mzere wa pa dipstick kumachita zomwezo, ngakhale madalaivala ena amati kudzazitsa n'kuikonda galimoto.

Zikatsimikizika kuti ndi siloyo, khalani pomwepo poikonza. Amakaniko ayendetse chikhadabo pamene mphira imakhudza crankshaft. Chikakodwa, chitsulo chadyeka kamzere, ndipo pafunika sleeve kapena kukhazika siloyo posiyana pang'ono ndi pakale. Ailowetse mofanana mbali zonse, osati kuikhoma ndi sikuludilaiva. Poti denga lasasulidwa kale, onaninso clutch plate ndi release bearing. Plate yonyowa oyilo siyichapika, ndipo idzakuchititsani manyazi pachitunda mutanyamula mabelo a fodya opita ku Kanengo.

Mankhwala a m'botolo oletsa kudontha aja amangofufumitsa mphira kwa kanthawi, ngati kumata sopo pandowa yobooka. Ngati kudonthako n'kwa dontho limodzi kapena awiri usiku wonse, mutha kuyendabe kwinaku mukusonkha ndalama, bola muzisolola dipstick m'mawa uliwonse injini isanalire. Koma mukaona kuti botolo la oyilo lasanduka chogula cha mlungu uliwonse, kapena klatchi yayamba kuterereka, ikani galimoto pagalaja. Ndipo kanyali kofiira ka oyilo kakayaka muli pamsewu, musati ndifike kaye pa Kamphata. Zimitsani injini pomwepo.