Mlonda akagona pa ntchito, wolakwa ndani?

Zaka zingapo zapitazo ndinali kalaliki wa malipiro pa kampani ina mu mzinda wa Blantyre. Tsiku lina m'mawa ndinapeza anthu ataunjikana pa geti. Ati usiku bwana wamkulu anatulukira mwadzidzidzi cha m'ma 3 koloko n'kupeza mlonda wathu, bambo wachikulire ndithu, ali m'tulo tofa nato, chibonga chili poteropo, mbaula itazima. Bwanayo sanawadzutse ayi. Anangowavula chipewa n'kupita nacho kuti chikhale umboni.

Pofika 10 koloko ntchito ya madala aja inali itatha, ndipo amene anawerengera ndalama zawo zomaliza ndinali ine. Powapatsa envulopu ndinawafunsa kuti, "Koma madala, munagoneranji?"

"Mwana wanga, ine sindinagone. Ndinangokhala pansi kuti ndiothe moto, kenaka ndangoona kunja kwayera, chipewa palibe."

Tonse mu ofesimo tinafa nazo ziseko. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi, chifukwa buku la maola awo linali pa tebulo langa ndipo ndikanatha kuwerenga chomwe linkanena.

Madala aja ankalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Amenewo ndi maola 72, pomwe lamulo la za ntchito la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, limati maola a ntchito a nthawi zonse asapitirire 48 pa sabata. Akaweruka ankayenda wapansi mpaka ku Bangwe. Kumeneko nyumba inali ya chipinda chimodzi, yamalata, ndipo amene anayesapo kugona masana pansi pa malata mwezi wa Okutobala akudziwa zomwe ndikunena. Kunja ana akusewera, wailesi ya aneba ili pamwamba. Dzuwa likapendeka ankapitanso kukatchetcha kapinga m'mayadi, poti malipiro a ulonda okha sakanafika nawo pa 15. Akagona kwambiri ndiye maola anayi.

Nanga munthu wotereyu, 3 koloko ya usiku ikakwana, mukuyembekeza kuti atani?

Ambirife timaona tulo ta pa ntchito ngati khalidwe loipa, m'bale wake wa ulesi ndi kujomba. Koma akatswiri a zaumoyo amati munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7 tsiku lililonse, ndipo ukaperewera, thupi limalemba ngongole. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumachuluka mankhwala ena a chilengedwe otchedwa adenosine, omwe amapangitsa zikope kulemera, ndipo amachepa pokhapokha munthuyo akagona. Khofi ndi tiyi zimangophimba mphamvu yake kwa kanthawi. Komanso thupi lili ndi wotchi yakeyake, yomwe imafooketsa munthu kwambiri kuyambira cha m'ma 2 koloko usiku mpaka mbandakucha, ndi pang'ononso masana tikangotha kudya nsima. Ngongole ikakula, ubongo umangozima wokha kwa masekondi angapo mwini wake osadziwa, mwinanso maso ali chitsegulire. Choncho madala aja ponena kuti sanagone, sikuti ankanama.

M'chaka cha 1997 akatswiri awiri a ku Australia, a Drew Dawson ndi a Kathryn Reid, anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10 peresenti, amene ndi woledzera ndithu. Mu 2003 kafukufuku wina wa pa yunivesite ya Pennsylvania ku America anaonetsa zoopsa kuposa apa. Anthu amene ankagona maola 6 okha kwa masabata awiri anayamba kulakwitsa zinthu ngati munthu amene watha tsiku limodzi kapena awiri osagona n'komwe, koma powafunsa ankati akungomva katulo pang'ono basi. Wamowa timamudziwa ndi fungo, anzake n'kumulanda makiyi a galimoto. Wosowa tulo sanunkha kanthu, ndiye timamupatsa minibasi yodzaza anthu, jakisoni wa mwana wodwala, kapena makina ocheka matabwa.

Ineyo zinandionekera patangopita miyezi iwiri madala aja atachotsedwa. Kwathu kunagwa zovuta, ndipo ndinachezera pa siwa masiku awiri. Lolemba ndinabwerera ku ofesi ndikudziona ngati ndili bwinobwino, n'kukonza malipiro a mwezi. Ndinalumpha mzere umodzi m'buku, moti anthu oposa khumi analandira ndalama za anzawo. Zinatenga masiku atatu kuti tikonze, anthu akutukwana pa windo. Bwana yemwe uja anangondiitana n'kunena kuti, "Pepani ndi zovuta, achimwene, koma muzisamala." Vuto langa ndi la madala aja linali limodzi, kusiyana kwake n'koti ine ndinkavala tayi.

Musaganize kuti ndi za kuno kokha. Mu Malichi 1989 sitima ya mafuta yotchedwa Exxon Valdez inagunda miyala ku Alaska pakati pa usiku n'kutaya malita pafupifupi 40 miliyoni m'nyanja. Ofufuza a boma la America anati mwa zifukwa zake panali kutopa kwa mkulu amene ankayendetsa sitimayo pa nthawiyo, ndipo anadzudzulanso kampani kaamba kosaika antchito okwanira. Onani kuti chala sanaloze wotopa yekhayo. Analozanso amene anakonza ndondomeko ya ntchito.

Apa m'pamene mabwana athu ambiri safuna kumva. Kulemba mlonda wachiwiri kuti azisinthana amati n'kuononga ndalama, koma katundu akabedwa kapena lole ikagwera m'phompho pa Zalewa ndalama zimapezeka. Ngakhale kulola wa ntchito ya usiku kuti atsinzineko mphindi 20 mnzake ali maso amakuona ngati kulekerera mwambo, chonsecho bungwe la NASA m'zaka za m'ma 1990 linayesa zimenezi pa oyendetsa ndege za maulendo ataliatali, ndipo amene anagonako pang'ono anali atcheru kwambiri pa nthawi yotera kusiyana ndi anzawo.

Sindikuti antchitofe tilibe mbali yathu. Pali ena amene tulo amatigulitsa okha, kuchezera pa WhatsApp kapena ku bala mpaka tambala woyamba, m'mawa n'kumayasamula pamaso pa makasitomala. Amenewo adzione okha. Koma namwino amene wagwira usiku wonse n'kuuzidwa kuti apitirize masana chifukwa mnzake sanabwere, kapena dalaivala amene mwini minibasi wamuikira ndalama yoti azibweretsa tsiku lililonse moti amadzuka 4 koloko n'kuimika galimoto 9 koloko usiku, amenewa sanasankhe okha.

M'malo mwa madala aja kampani inalemba mnyamata wa zaka 25, wadzitho zedi, woti bwana ankamunyadira pamaso pa alendo. Maola anali omwe aja, malipiro omwe aja. Anatha miyezi inayi. Tsiku lina m'mawa polowa mu ofesi ya bwana ndi mafailo, ndinaona pa tebulo pali chipewa china.