KODI N'KAPUCI AMENE ABOOLA MITENGO?

Mlimi wa ku Mkaika, kwao kwa Kalonga Gawa Undi m'boma la Katete, akapeza utuci wonyowa pa tsinde la mtengo wamoyo ndi kabowo pamwamba pace, kawirikawiri amangoti, "N'kapuci ameneyu." Komatu kapuci ndi wa cimanga. Mwa adani oboola mitengo muli mphutsi ya kadziwoche wa banja lochedwa Cossidae, amene Angerezi amucha kalipentala.

Mphutsiyi imasema njira m'kati mwa thunthu, nikhala m'menemo caka cathunthu kapena kupitirira. Ikasanduka kadziwoche siidyanso kanthu. Ingoikira mazira m'ming'alu ya khungwa, nifa patapita masiku owerengeka.

Monga Acewa amasiyanitsa Abanda ndi Aphiri pakumva mfunda, akatswiri nawo amagawa tizilombo m'mabanja ndi m'mafuko. M'banja la Cossidae muli fuko la Azygophleps, lopezeka muno mu Africa ndi ku Asia. Mtundu wace woyamba, wa mapiko oyera a timizere takuda, unalembedwa ndi Fabricius m'caka ca 1775. M'caka ca 1892 George Hampson, polemba za akadziwoche a ku India, anaupatsa fuko laokha. Masiku amenewo akatswiri anali kuyang'anitsitsa mitsempha ya m'mapiko, ndipo "phleps" m'Cigiriki ndiye mtsempha. Atsopano amaonjeza kupima ziwalo zoberekera za tizilomboto.

Wina angati izi nza azungu a m'mabuku, sizikhudza khasu. Iyai. Ku India mphutsi za Azygophleps zimaboola mitengo ya fuko limodzi ndi jelejele, mtengo uja alimi ambiri a ku Katete anabzala m'zaka za m'ma 1990 kuti ubweze conde m'minda, molangizidwa ndi a ku Msekera. Koma cimene cinasautsa jelejele kuno cinali kacikumbu kakudya masamba, Mesoplatys, kosakhala ngakhale mbale wa kadziwoche. Kapuci naye ali m'banja lina, la Noctuidae.

Tsono mankhwala othira m'nsonga ya cimanga saifika mphutsi yobisala m'thunthu, ndipo wogula mosadziwa dzina la mdani wangotaya makwaca ace. Nthambi yobooledwa iyenera kudulidwa ndi kutenthedwa kadziwoche asanaturuke. Bowo likakhala m'thunthu lenileni, kawaya kopisamo kangathe kuilasa mphutsiyo. Ikapezeka yamoyo, nkwabwino kuiika m'kabotolo ndi kuipereka kwa mlangizi wa zamalimidwe, pamodzi ndi kanthambi ka mtengo umene yacokamo.