Wapabanja akafuna udokotala, asankhe sukulu iti?

M'maboma a m'mbali mwa nyanja takhala tikudandaula kuti madokotala ndi ochepa, makamaka aakazi, amene amayi athu amamasuka nawo pa nkhani za uchembere. Tsopano ena mwa achinyamata amene akufuna kukaphunzira zachipatala ndi oti adamanga kale nikah, ndipo ali ndi ana. Kwa oterewa, kutchuka kwa sukulu pakokha sikukwanira.

Udokotala weniweni, wa digiri ya MBBS, umaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, imene idakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Wochokera ku sekondale amatha chaka chimodzi m'maphunziro okonzekera, kenako zaka 5, ndipo mbali yaikulu ya nthawiyi amakhala ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Akamaliza, pali miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa asanaime payekha. Mwana amene ali kumsana lero adzakhala ali ku pulayimale kholo lake lisanamalize.

Kuchokera ku Mangochi kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190. Umenewu si ulendo wa Loweruka lililonse kwa munthu wopanda malipiro, ndiponso m'zaka za kuwodi wophunzira amagwira ntchito usiku. Zipinda zogona za pasukulu n'za ophunzira okha. Wofuna kukhala ndi banja lake ayenera kuchita lendi ku Chitawira, Naperi kapena Zingwangwa, ndipo ngongole ya boma ya ophunzira siwerengera mkazi, mwamuna kapena phala la ana. Ngakhale amene wapeza thandizo ku Islamic Zakaat Fund afunsitse kuti thandizolo likulekera pati. Udindo wa mwamuna wodyetsa ndi kuveka banja lake suima chifukwa ali pasukulu.

N'chifukwa chake sitikuona kuti n'kutsika ngati wapabanja atayambira pa dipuloma ya zaka 3 ya clinical medicine ku Malawi College of Health Sciences, imene ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba. Afunse kuti maphunziro amene akufunawo ali kunthambi iti, pakuti wa ku Salima Lilongwe ali naye pafupi. Malipiro amayamba msanga, ndipo khomo lokaonjezera maphunziro silitsekeka.

Za kunja tizione mosamala. Ana athu ambiri adaphunzira ku Khartoum, koma nkhondo imene idabuka ku Sudan mu Epulo 2023 idasokoneza maphunziro kumeneko. Asanasaine chilichonse, wopita kunja adziwe ngati dzikolo limalola wophunzira kubwera ndi banja, komanso ngati Medical Council of Malawi idzavomereza digiriyo.

Nkhani yovuta kwambiri ili pakhomo. Kwathu kuno, kumene mwamuna amakhala chikamwini, mayi akapita kusukulu ana amatsala ndi agogo aakazi, ndipo zimayenda. Koma mwamuna akapita yekha kwa zaka 6, mkazi amatsala ndi munda, ana ndi miseche ya pamudzi. Ankhoswe ndi amalume a mbali zonse akhale pansi kalata ya sukulu isanabwere, agwirizane za amene adzalipire lendi, amene adzaperekeze ana ku madrasa, ndi kuti wophunzirayo azibwera kunyumba kangati pa teremu.