Tsamba Limodzi Likasowa pa Pempho la Patent

Akatswiri a kafukufuku wa zaulimi akapanga chipangizo chatsopano, monga makina oswera mtedza, amatha kupempha chiphaso cha umwini wa luso lawo, chomwe chimatchedwa patent. Nthawi zina kumabwera kalata yowadziwitsa kuti pempholo ndi loperewera: tsamba lina lofotokoza makinawo lasowa, kapena chojambula chomwe chatchulidwa m'mawu sichikupezeka.

Kalata yotere sitanthauza kuti pempho lakanidwa. Pansi pa pangano la maiko lotchedwa PCT, lomwe Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali m'gulu lake, wopempha amapatsidwa miyezi iwiri kuchokera pa tsiku la kalatayo kuti ayankhe. Yankho limapita ku ofesi yomwe idalandira pempho, monga ya ARIPO ku Harare.

Chofunika kusamala ndi tsiku. Luso limayesedwa ngati ndi latsopano poliyerekeza ndi zonse zimene zidadziwika poyera tsiku la pempho lisanafike. Tsamba losowa likatumizidwa, tsikulo limasunthira pa tsiku lomwe tsambalo lafika. Tsono ngati pakatipa makinawo adaonetsedwa kwa alimi pa chionetsero cha zaulimi, m'maiko ambiri sangatchedwenso atsopano, ndipo ntchito ya zaka zambiri ikhoza kutsala yopanda chitetezo.

Njira zosungira tsiku loyamba zilipo ziwiri. Wopempha akauzidwa kuti tsiku lasuntha, ali ndi mwezi umodzi wopempha kuti tsambalo lisawerengedwe, ngakhale kuti zolembedwamo zidzakhala kunja kwa pempho. Njira ina idayamba m'chaka cha 2007: ngati zonse za pa tsambalo zili m'pempho lakale lomwe pempho latsopanoli lidatsamira, wopempha amatsimikiza zimenezi m'kalata, natumiza tsambalo pamodzi ndi kope la pempho lakalelo. Maofesi a m'maiko ena salandira njirayi.

Ku United States, kalata ya zosowa imanena kawirikawiri za ndalama zosalipidwa kapena lumbiro la mwini luso. Tsiku silisuntha, koma wosayankha m'miyezi iwiri, kapena m'nthawi yoonjezera yolipiridwa, amayesedwa kuti wasiya pempho lake.

Alangizi ndiwo amafikitsa zipangizo zatsopano kwa alimi, choncho nkhaniyi ikuwakhudza. Mlangizi asanaike makina atsopano pa chionetsero, afunse kwa akatswiriwo ngati tsiku la pempho latsimikizika. Kudikira milungu yowerengeka sikupha mlimi, koma chimene anthu aona kale sichibisikanso.