Bajeti ya Cigayo Ikakumana ndi Cilala

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Cimanga cikauma m'munda, cigayo naconso cimakhala cete. Pamenepo makomiti a makopaletivu amayamba kulozana zala pa msonkhano, kawilikawili cifukwa coŵelenga bajeti molakwika.

Tiyelekeze kopaletivu imene inakonza kugaya mabaketi 1,000 pa mwezi, baketi imodzi K10. Ndalama zoloŵa zikanakhala K10,000. Dizilo malita 160 pa K25, ndiye K4,000. Wogaya ndi mlonda K2,500. Phindu K3,500.

Mwezi watha, mabaketi amene anabwela ndi 600 cabe. Zoloŵa K6,000, dizilo K3,000, malipilo K2,500, phindu K500. Msungicuma aona K3,000 pamene bajeti inati K4,000, ndipo auza anthu kuti pa dizilo tapulumutsa K1,000. Anthu aomba m'manja.

Apa m'pamene pali msampha. Dizilo imayenda ndi nchito: kugaya pang'ono, dizilo pang'ono. Malipilo a mlonda sayenda conco, iye amalonda usiku wonse kaya cigayo cagaya kapena ai. Akatswili a maakaunti amati bajeti iyenela kukonzedwanso pa nchito imene yacitikadi, ndipo amaicha flexible budget. Mabaketi 600 anafunika malita 96, ndiye K2,400. Conco kopaletivu sinapulumutse kanthu, inapyola malile ndi K600. Phindu loyenela pa mabaketi amenewo linali K1,100.

Kucoka pa K3,500 kufika pa K1,100 pali K2,400 imene yapita ndi cilala. Palibe wa m'komiti amene angaimbidwe mlandu wa mvula.

Nanga K600 ija? Ena adzafulumila kunena kuti wogaya amagulitsa dizilo kumbali, ndipo m'midzi yathu mau otele akatuluka sabwelela. Malisiti ndiwo ayenela kuyankha. Tinene kuti aonetsa malita 100 ogulidwa pa K30. Mtengo unakwela ndi K5 pa lita, ndiye K500. Mu 2022 bungwe la ERB linayamba kuunikanso mitengo ya mafuta mwezi uliwonse, motelo mtengo wolembedwa mu bajeti ya January sukanakhala womwewo caka conse. Wogaya alibe mphamvu pamenepo. Cimene cili m'manja mwake ndi malita 4 opyola pa 96 aja, ndiye K100. Kugaŵa kusiyana motele ndiko amati variance analysis.

Ngakhale malita 4 amenewo mwina si kuba. Anthu akamabwela mmodzimmodzi ndi theka la baketi, injini imalizidwa ndi kuzimidwa kambili patsiku, ndipo imamwa mafuta. Sefa yotha nayonso imacedwetsa ufa. Ine ndiona kuti komiti yanzelu ingaike maola ogayila, m'maŵa ndi madzulo, ndi kulemba m'buku mabaketi ndi malita tsiku lililonse, kuti pa msonkhano wotsatila msungicuma abwele ndi mizele itatu ya manambala m'malo mwa iŵili.